Musanathamangire kwa Leonardo, tayambani mwaima pa Van Eyck

Mukafunsa munthu amene anadutsako m'kalasi ya zojambula kuti atchule akatswiri akale a ku Ulaya, mayina amene atuluke ndi omwe aja a masiku onse, Leonardo da Vinci, Michelangelo, mwina Raphael, basi watha. Onsewo a ku Italy. Nde nkhani imakambidwa ngati zonse zinayambira ku Florence, enawa ankangokhala phee kudikira kuti a ku Italy adzawaphunzitse. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu, chifukwa pali amisiri amene anasintha kajambulidwe ka ku Ulaya konse Leonardo asanabadwe n'komwe, ndipo a ku Italy omwewo ankatumiza ndalama zawo ngakhalenso ojambula awo kumpoto kuti akatapeko luso. Ndikunena ojambula a ku Flanders ndi madera oyandikana nawo a zaka za m'ma 1400. Maganizo anga ndi oti amene akufuna kuphunzira kujambula, kaya ndi wophunzira wa ku yunivesite kaya ndi mnyamata wodziphunzitsa yekha ndi pensulo ndi foni, ayambire kwa amenewa, ndipo ayambe ndi maso ake, osati ndi kuloweza matanthauzo amene ena analemba m'mabuku.

Malo ake ndi amene lero kwakukulu ndi Belgium, mizinda ngati Bruges, Ghent, Tournai, Brussels ndi Leuven, ndipo nthawi imeneyo yambiri mwa mizindayi inali m'manja mwa mafumu a ku Burgundy. Bruges unali mzinda wa bizinesi kwabasi, amalonda a ku Italy, ku Germany, ku England, ku Spain ndi ku Portugal onse anali ndi maofesi awo kumeneko, nsalu ndi ndalama zinkazungulira, ndiye panali anthu okwanitsa kulipira wojambula kuti akhale miyezi ndi miyezi pa thabwa limodzi. Mayina oti muwasunge ndi Robert Campin, Jan van Eyck amene anamwalira mu 1441, Rogier van der Weyden amene anamwalira mu 1464, kenako Petrus Christus, Hugo van der Goes ndi Hans Memling. Van Eyck uja kuyambira 1425 anali wojambula wa mfumu Philip the Good, ndipo sanali wantchito wamba ayi, mu 1428 anatumidwa limodzi ndi nthumwi ku Portugal kuti akajambule Isabella, mkazi amene mfumuyo inkafuna kukwatira, kuti imuone nkhope asanafike.

Chimene chinawasiyanitsa poyamba ndi penti. Ku Italy nthawi imeneyo ambiri ankasakaniza utoto ndi yolki ya dzira, ndipo penti wa dzira amauma pompopompo, sungamusendeze kapena kumusakaniza ali pathabwa, umangoika timizere ting'onoting'ono moyandikana mpaka mthunzi uoneke. A ku Flanders ankasakaniza utoto ndi mafuta, makamaka a linseed. Pali nkhani imene Giorgio Vasari, wolemba mbiri ya ojambula wa ku Italy, analemba mu 1550 yoti Van Eyck ndi amene anatulukira penti wa mafuta, ndipo mpaka lero ena amaibwerezabe, koma si zoona, mafuta ankagwiritsidwa ntchito zaka mazana angapo iye asanabadwe. Chimene iye ndi anzake anachita ndi kuwamvetsa mafutawo kuposa aliyense. Ankatenga matabwa a oak, ambiri ochokera kudera la Baltic, n'kuwapaka choko chosakaniza ndi guluu wa zikopa za nyama, n'kupala mpaka pasalale mbee, kenako sikechi, kenako penti wopyapyala kwambiri woonekera mkati, akauma n'kuikanso wina pamwamba, akauma winanso. Ndiye kuwala kukagwa pachithunzi sikuthera pamwamba, kumalowa kudutsa mipako yonseyo n'kukagunda choko choyera chija n'kubwerera m'maso mwanu, ngati mmene mumaonera mchenga pansi pa madzi oyera a kunyanja dzuwa likaswa. N'chifukwa chake nsalu yofiira ya Van Eyck imaoneka ngati ikuwala yokha kuchokera mkati patapita zaka pafupifupi 600. Komanso poti mafuta amachedwa kuuma, umatha kusendeza mthunzi pang'onopang'ono mpaka osaonanso pamene bulashi inadutsa, ndiye khungu limaoneka khungu, mkuwa mkuwa, ubweya ubweya.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi, chija cha Van Eyck cha 1434 chotchedwa cha Arnolfini, dzina la wamalonda wa ku Italy amene akuti ndiye ali m'menemo, chimene chili ku National Gallery ku London. Si chachikulu, ndi masentimita ngati 82 kutalika ndi 60 m'lifupi. Bambo wavala chipewa chachikulu chakuda ndi mkanjo wa ubweya, wagwira dzanja la mayi wovala diresi yobiriwira yansalu yochuluka mpaka yaunjikana pansi, kagalu kali pamiyendo pawo, nsapato zamatabwa zavulidwa zili pambali ndipo mukayandikira muona matope ake, malalanje ali pazenera ndi pa bokosi, kudenga kwalendewera choikapo makandulo chamkuwa koma kandulo imene ikuyaka ndi imodzi yokha. Kukhoma kumbuyo kuli galasi lozungulira lotukuka, laling'ono kuposa chikhatho chanu, ndipo m'kagalasi kameneko muli chipinda chonse chikuoneka chakumbuyo, misana ya awiriwo, zenera, ndi anthu ena awiri ataima pakhomo, pamalo pomwe inu woonerayo mwaima. Kuzungulira galasilo kuli tizithunzi 10 ta masautso a Yesu, kalikonse kochepa ngati chikhadabo. Pamwamba pake wojambulayo analemba m'Chilatini kuti Jan van Eyck anali pano, 1434. Munthu wojambula kudzilemba pakati penipeni pa khoma la kasitomala wake, m'chaka chimenecho, si nkhani yamasewera.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mmene anthu ambiri amaphunzitsira. Mu 1934 katswiri wina wotchuka, Erwin Panofsky, analemba kuti chithunzichi ndi umboni wa ukwati, ngati setifiketi, ndipo chinthu chilichonse m'chipindamo chili ndi tanthauzo lobisika, galu ndi kukhulupirika, kandulo imodzi ndi diso la Mulungu, nsapato zovula ndi malo oyera. Mu 1953 anatulutsa buku lalikulu la ojambula onsewa ndipo maganizo amenewa anafalikira paliponse. Panofsky anali munthu wanzeru zakuya ndipo sindikumuchepetsa, anthu a nthawi ija ankawerengadi zizindikiro, duwa loyera pafupi ndi Mariya silinkaikidwa mwangozi. Koma chimene chinatsatira n'chomvetsa chisoni, ophunzira anayamba kutenga chithunzi ngati mayeso oti ufananize, galu yankho lake ili, lalanje yankho lake ili, akamaliza mndandanda akuti chithunzi achimvetsa, koma sanachiyang'ane olo mphindi zisanu. Ndiye m'zaka za m'ma 1990 kunapezeka chikalata chosonyeza kuti Arnolfini amene aliyense ankamuganizira uja anakwatira mu 1447, Van Eyck atagona kale m'manda zaka 6. Lero ambiri akuti mwina ndi msuweni wake, nayenso wamalonda wochokera ku Lucca, ndipo nkhani ya setifiketi ya ukwati ija inagwedezeka. Amene analoweza mayankho anatsala manja lende, koma amene anaphunzira kuyang'ana mmene kuwala kwa pazenera kukugwera pa lalanje ndi pa mkuwa sanataye kanthu, chifukwa zimenezo zilipobe pathabwapo.

Komanso makina anatithandiza. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 akatswiri akhala akugwiritsa ntchito makamera a infrared amene amaona kudutsa penti mpaka pa sikechi yapansi, ndipo pa chithunzi cha Arnolfini anapeza kuti kagalu kaja ndi choikapo makandulo chija munalibe mu sikechi, anaziwonjezera ntchito ili mkati, ndipo dzanja la bamboyo, maso ake ndi mapazi anazisuntha. Ngati galuyo akanakhala mutu wa uthenga wonse, bwanji anabwera mochedwa? Kwa ine izi zikuonetsa munthu amene akuganiza ndi bulashi m'manja, akuona kuti apa pakusowa kanthu, apa dzanja likweze pang'ono.

Mfundo imeneyi ndikufuna ifike kwa achinyamata athu aluso amene amaika ntchito zawo pa Facebook ndi Instagram, zithunzi za pensulo kapena makala zofanana ndendende ndi foto, thukuta lililonse, tsitsi lililonse, ndipo ife timayamikira kuti eee ngati kamera. Luso limenelo ndi lenileni, kuleza mtima kwake n'kosowa, ndipo poyamba mutha kuganiza kuti Van Eyck ndi agogo awo a kajambulidwe kameneko. Koma taonaninso bwino. Chipinda cha Arnolfini si foto ya chipinda chimene chinalipo, mizere ya pansi ndi ya kudenga sikumana pamalo amodzi monga malamulo a ku Italy ankafunira, choikapo makandulo chija n'chachikulu kuposa mmene chikanakwanira m'kachipinda kotero, nkhope ya bamboyo anaikonza mpaka inakhala mmene iye ankafunira. Anasankha, anachotsa, anawonjezera, n'kupanga dziko lake loti diso lilikhulupirire. Kukopera foto kumakupatsa zimene kamera inasankha kale, pamene iye ankayang'ana chinthu chenichenicho, mkuwa weniweni padzuwa lenileni, mpaka amvetse chifukwa chake ukuwala choncho, kenako n'kukauika pamene akufuna. Wojambula amene wafika poti pensulo ikumumvera chonchija, sitepe yotsatira ndi imeneyi, ndipo palibe mphunzitsi woposa amenewa.

Pali chidzudzulo chakale chimene tiyenera kuchimva bwino. Francisco de Holanda, wojambula wa ku Portugal amene anakhalako ku Rome, analemba kuti Michelangelo ankanena kuti zojambula za ku Flanders zimasangalatsa amayi, makamaka okalamba kwambiri ndi aang'ono kwambiri, ndi ansembe ndi masisitere, kuti amangojambula nsalu, makoma, udzu, mithunzi ya mitengo, mitsinje ndi milatho pofuna kunyenga diso, ndipo pofuna kuchita zambiri nthawi imodzi sachita bwino olo chimodzi. Kunyoza amayi kuli m'mawu amenewo tikusiye apo, n'kwa nthawi yawo ndipo n'koipa. Koma funso lenileni ndi loti, kodi kuchulukitsa tinthu ting'onoting'ono sikupha uthenga? Pena zimachitikadi, pali ojambula ang'onoang'ono a nthawi ija amene chithunzi chawo chimangokhala ngati shopu yodzaza katundu. Koma amene akunena zimenezi za onse akaone chithunzi cha Rogier van der Weyden cha kutsitsidwa kwa Yesu pamtanda, cha m'ma 1435, chimene analipira ndi gulu la oponya mivi la ku Leuven ndipo pano chili ku myuziyamu ya Prado ku Madrid. Mulibe mitsinje mulibe milatho, anthu 10 aakulu pafupifupi ngati ife apanikizana m'kamalo kosaya ngati bokosi lagolide, thupi la Yesu likutsitsidwa litapindika, ndipo mayi wake wakomoka n'kugwa thupi lake litapindika chimodzimodzi ngati la mwana wake, dzanja lake lalendewera pafupi ndi dzanja lobooledwa lija. Misozi ikuyenda pamasaya ndipo dontho lililonse lili ndi kuwala kwake, maso afiira, mayi wina wakhotetsa thupi lonse ndi zala zopingasa chifukwa cha ululu. Aliyense amene anakhalapo pa siwa amazidziwa nkhope zimenezi. Apa tinthu ting'onoting'ono tija sitikusokoneza, ndi timene tikunyamula chisonicho, ndipo dongosolo la matupi awiri aja ndi nzeru ya kapangidwe imene Michelangelo ankati kumpoto kulibe.

Ndipo a ku Italy a zaka za m'ma 1400 sankaganiza ngati Michelangelo. Mu 1456 Bartolomeo Facio, wolemba wa ku Italy komweko, anatchula Van Eyck kuti ndiye wojambula wamkulu wa nthawi yawo. Mu 1460 banja lolamulira ku Milan, a Sforza, linatumiza wojambula wawo Zanetto Bugatto ku Brussels kuti akaphunzire kwa Rogier, ndipo anakhalako zaka ngati zitatu. Mfumu ya ku Urbino inaitana Justus wa ku Ghent kuti adzagwire ntchito kunyumba kwake. Taonaninso nkhani ya nkhope. A ku Italy kwa nthawi yaitali ankajambula munthu cham'mbali ngati mutu wa pa ndalama yachitsulo, diso limodzi, mphuno kutsogolo. A ku Flanders anamutembenuza munthuyo pang'ono kuti maso onse awiri aoneke, pena n'kumakuyang'ana iwe, pena manja ali patsogolo, ndipo Van Eyck anachita kale zimenezi mu 1433 pa chithunzi cha bambo wa nduwira yofiira chimene ambiri amati ndi iye mwini. Memling anawonjezera minda, mitsinje ndi mitengo kumbuyo kwa munthuyo. Antonello da Messina, amene anadziwa bwino kajambulidwe ka kumpotoka, anafika ku Venice mu 1475 ndipo anakhudza kwambiri ojambula a kumeneko monga Giovanni Bellini, mzinda umene pambuyo pake unatulutsa Titian. Ndiye mukaima pa Mona Lisa, penti wa mafuta pathabwa, mayi wotembenuka pang'ono, manja patsogolo, mapiri ndi mtsinje kumbuyo, mukuona nzeru za Leonardo inde, palibe akukana, koma mukuonanso chimango chimene chinapangidwa ku Bruges.

Umboni umene ndimaukonda kwambiri ndi wa Hugo van der Goes. Tommaso Portinari, amene ankayendetsa nthambi ya ku Bruges ya banki ya a Medici, banja lolemera la ku Florence, anamulipira kuti ajambule chithunzi chachikulu cha paguwa cha kubadwa kwa Yesu, chotambasuka pafupifupi mamita 6, ndipo chinayenda panyanja mpaka kukafika ku Florence mu 1483, Hugoyo atamwalira chaka cham'mbuyo pambuyo povutika ndi matenda a maganizo kunyumba ya amonke pafupi ndi Brussels. M'chithunzimo muli abusa a nkhosa atatu, ndipo si abusa osambitsidwa ayi, ndi anthu a kumudzi enieni, manja okhakhala, ndevu zosameta, mano otalikirana, wina pakamwa yasa chifukwa chodabwa, akukankhana kuti aone mwanayo. Anthu osauka kupatsidwa malo aakulu chonchi ndi ulemu wotere pa guwa la tchalitchi, ku Florence anali asanazolowere. Patapita zaka ziwiri, mu 1485, Domenico Ghirlandaio anajambula chake cha kubadwa kwa Yesu ku tchalitchi cha Santa Trinita ndipo abusa ake atatu anawatenga kwa Hugo moonekeratu. Ghirlandaio ameneyu ndi amene Michelangelo analowa mu shopu yake ali mnyamata kukaphunzira ntchito.

Za pambuyo pake ndingodutsamo mwachangu poti mzere wake ndi wautali. Albrecht Dürer, wojambula wa ku Germany, anapita ku Ghent mu 1521 kukaona ntchito ya Van Eyck ndipo anaiyamikira kwambiri. Chithunzi cha Arnolfini chinakafika m'nyumba ya mafumu a ku Spain, komwe wojambula Velázquez ankayang'anira zithunzi za mfumu, ndipo mu 1656 iye anajambula Las Meninas, kumbuyo kukhoma kuli galasi loonetsa anthu awiri amene aima pamene woonera waima. A ku Holland a zaka za m'ma 1600 monga Vermeer, ndi zipinda zawo zabata ndi kuwala kolowera pazenera lakumanzere, akuyenda m'njira yomweyo. National Gallery itapeza chithunzi cha Arnolfini mu 1842, anyamata ojambula a ku England amene mu 1848 anadzitcha Pre-Raphaelites, Millais, Hunt ndi Rossetti, anachiphunzira kwambiri ndipo magalasi ozungulira anayamba kutulukira m'zojambula za ku England. Kujambula malo paokha, maluwa ndi zipatso patebulo, anthu wamba ali pantchito, zonsezi zimene pambuyo pake zinakhala mitundu yodziimira, mbewu yake ili m'makona a zithunzi za m'ma 1400 zimenezi.

Koma chimene ndimaona kuti n'chofunika kwambiri kwa ife chili pa kachithunzi ka mbali zitatu kochokera mu shopu ya Robert Campin ku Tournai, ka m'ma 1427, kamene pano kali ku myuziyamu ya The Cloisters ku New York. Mngelo Gabrieli wabwera kudzauza Mariya uthenga, koma sikuti ali ku Nazareti kapena kumwamba kwagolide, ali pabalaza la nyumba ya ku Flanders, pali benchi, tebulo, duwa mu jagi, ketulo yamkuwa ndi thaulo, kandulo yangozima kumene utsi ukukwera. Mbali inayo Yosefe ali mu shopu yake ya ukalipentala, zipangizo mbwee patebulo, akuboola thabwa, wapanga misampha ya makoswe ndipo umodzi wauika pazenera kuti ogula aone, kunja kukuoneka msika wa tawuni yawo ndi anthu akuyenda. Amene analipira chithunzicho agwada pakhomo akusuzumira. Anthu amenewa anali ndi mtima woti nkhani yopatulika ikhoza kuchitikira m'nyumba mwawo, pakati pa ziwiya zawo, ndipo ziwiyazo n'zoyenera kujambulidwa mosamala ngati nkhope ya mngelo. Amene anafikako ku Mua ku Dedza, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akudziwa kuti amisiri a kumeneko akhala akusema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu, zovala zathu ndi zizindikiro za Achewa, Angoni ndi Ayao. Sindikunena kuti anatengera kwa Campin, ndikunena kuti funso ndi lomwelo, ndipo amene amati Yesu wakuda kapena Mariya wa chitenje ndi kusokoneza chikhristu akuyenera kudziwa kuti zithunzi za ku Ulaya zimene amaziona ngati zenizenizo zinachita zomwezo, zinangomuveka Mariya zovala za ku Tournai.

Wina anena kuti zonsezi ndi za azungu olemera, ife zikutikhudza chani, bwanji osaphunzira zathu. Zathu tiphunzire, ndipo tiyambe n'zathu ngati n'kotheka, pamenepo sinditsutsa. Komanso za ndalamazo ndi zoona ndipo tisazibise. Zithunzi zimenezi analipira ndi eni mabanki ndi amalonda, ndipo ku chilumba cha Madeira mpaka lero ku myuziyamu ya ku Funchal kuli zithunzi zambiri za ku Flanders zimene zinagulidwa ndi ndalama za shuga, shuga amene m'minda yake munkagwiranso ntchito akapolo, ena ochokera ku Africa. Nthawi yomweyo imene zombo za ku Portugal zinayamba kutsika gombe la kumadzulo kwa Africa ndi imenenso mmodzi mwa anzeru a kum'mawa aja anayamba kujambulidwa kawirikawiri ngati mfumu yakuda, muona kwa Memling ndi kwa Hugo van der Goes cha m'ma 1470, wavala golide, waima mwaulemu, pamene kumadoko anthu akuda enieni akugulitsidwa. Ku Ethiopia mafumu kwa zaka mazana ankanyamula kunkhondo chithunzi cha Yesu wovala chisoti chaminga chotchedwa Kwer'ata Re'esu, chojambulidwa mwa kalembedwe ka kumpotoka m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinalandidwa pamene asilikali a ku Britain anagonjetsa Maqdala mu 1868. Ndiye Africa ilimo m'nkhaniyi, mbali yowawa ndi mbali yodabwitsa, ndipo zimenezi kwa ine ndi chifukwa choti tiphunzire ndi maso athu, chifukwa tikazisiya ena apitiriza kuifotokoza nkhaniyi mfumu yakuda ija ali ngati chokongoletsera chabe.

Nanga tiphunzire bwanji poti Ghent ndi kutali ndipo viza si yapafupi? Abale athu amene muli ku Britain mulibe chowiringula, National Gallery kulowa n'kwaulere, pitani mukaime pa Arnolfini nthawi yaitali ndithu mpaka maso azolowere. Kwa enafe pali tsamba la pa intaneti lotchedwa Closer to Van Eyck, laulere, pamene anaika zithunzi zakuthwa kwambiri za chithunzi chachikulu cha paguwa cha ku tchalitchi cha St Bavo ku Ghent, chimene anayamba Hubert van Eyck n'kumaliza m'bale wake Jan mu 1432. Umatha kukuza mpaka kuona tsitsi limodzilimodzi pa mwendo wa Adamu, zenera la tchalitchi likuonekera m'mwala wa pachifuwa cha mngelo woimba, maluwa amene akatswiri a zomera amatha kutchula mtundu wake, ndiponso zithunzi za infrared ndi X-ray pambali pake, zinthu zimene munthu woima m'tchalitchimo kuseri kwa galasi sangazione. Bandulo imapita inde, koma mphunzitsi atha kutsitsa zigawo zingapo kamodzi n'kuzigwiritsa ntchito chaka chonse. Ndipo ndikupempha aphunzitsi kuti musathamange, kalasi yonse ithere pa chithunzi chimodzi, ophunzira anene zimene akuona musanawauze dzina la aliyense, kuwala kukuchokera kuti, nsaluyi ndi yolemera kapena yopepuka ndipo mwadziwa bwanji, kenako atenge ketulo kapena botolo aliike pazenera ajambule okha popanda foto.

Chithunzi cha ku Ghent chimenechi chaona zambiri, mu 1566 anachibisa munsanja pamene magulu a anthu ankaphwanya mafano m'matchalitchi, mu 1934 gawo lake limodzi loonetsa oweruza olungama linabedwa ndipo silinapezeke mpaka lero, a Nazi anachilanda n'kukachibisa mu mgodi wa mchere ku Altaussee ku Austria komwe chinapulumutsidwa mu 1945. Koma chimene chikukhudza nkhani yanga ndi ntchito yochikonza imene inayamba mu 2012. Okonzawo anapeza kuti mbali zazikulu zinapakidwanso penti ndi anthu ena cha m'ma 1550, ndipo kwa zaka zoposa 400 akatswiri, kuphatikizapo amene analemba mabuku akuluakulu aja, ankayamikira Van Eyck akuyang'ana bulashi ya munthu wina. Atachotsa penti wapamwambayo pa Mwanawankhosa wa pakati paja, panatuluka nkhope ina, maso ali kutsogolo akukuyang'ana iwe ngati a munthu, ndipo zithunzi zake zitafalikira kumayambiriro kwa 2020 anthu pa intaneti anaseka kwambiri, ena mpaka kunena kuti okonzawo aononga. Sanaononge, anachotsa zimene ena anaphimbira, ndipo nkhope yosautsayo ndi imene abale awiri aja anafuna kuti munthu wogwada paguwa akumane nayo. Izi zikutanthauza kuti zina zimene zinalembedwa za chithunzichi chisanafike chaka cha 2012 zikufunika kuziwerenganso mosamala, ndipo wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata amene watsegula tsamba lija lero akuona penti amene Panofsky sanamuonepo moyo wake wonse.